Wina mseru, wina kuyasamula: achinyamata ndi mabuku a zilombo za m'nkhalango

Nkhani za m'mabuku amenewa zimayamba pafupifupi mofanana. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi alowa m'nkhalango yowirira ya kumadera otentha, kumene mvula siikata ndipo dzuwa silifika pansi. Ena akufufuza zomera za mankhwala, ena akusaka mbale wawo amene anasowa, ena ndi ana asukulu amene ndege yawo yagwa. Pofika mutu wachitatu wailesi yolumikizirana yafa, woperekeza amene amadziwa njira wasiya kucheza, ndipo usiku kukumveka chinthu chikuzungulira msasa. Kutacha apeza nsapato imodzi m'mbali mwa mtsinje. M'nsapatomo muli phazi.

Kuchokera pamenepo ndi magazi okhaokha mpaka tsamba lomaliza.

Perekani buku lotere kwa achinyamata atatu a zaka 14 kapena 15, mudikire sabata imodzi, kenako muwafunse. Woyamba adzakuuzani kuti analitseka asanafike ndi pakati pomwe: "Ndinamva mseru, sindikanatha." Wachiwiri adzatsonya: "Loopsa lija ndi limeneli? Ine ndimangoyasamula." Wachitatu analiwerenga mpaka mbandakucha, mitu ina waibwereza kale, koma ali ndi mlandu ndi wolemba. Anapheranji galu uja?

Makolo ndi aphunzitsi akamva za buku lotere, funso lawo limakhala limodzi: muli magazi ochuluka bwanji? Si funso lopusa, ndipo tibwererako. Koma silingatiuze chifukwa chimene atatu aja akusiyanira, popeza magazi amene anawerenga ndi omwewo, dontho ndi dontho. Chosiyanacho chili mwa owerengawo. Ndipo mukawatchera khutu bwinobwino mumapeza kuti bukulo amaliweruza ndi muyeso wina, wakuthwa kuposa umene akuluakulufe timawaganizira.

Mantha ndi mseru

M'mawu amodzi akuti "choopsa" timaunjikamo zinthu ziwiri zimene thupi limazisiyanitsa bwino. Munthu akachita mantha mtima umathamanga, m'manja mumatuluka thukuta, makutu amamva ngakhale tsamba likagwa. Thupi likukonzekera kuthawa. Akanyansidwa zimayenda mwina: mphuno imakwinyika, mlomo wam'mwamba umakwera, malovu amadzadza m'kamwa, m'mimba n'kutembenuka. Mantha amatiteteza ku chimene chingatidye, pomwe kunyansidwa kumatiteteza ku zowola, mafinya ndi mitembo, zinthu zimene zingatidwalitse. Palinso anthu ena amene thupi lawo limachita zachilendo akaona magazi. Mtima umayamba wathamanga, kenako n'kubwerera m'mbuyo mwadzidzidzi, munthu n'kumva chizungulire, mwina kukomoka kumene. Izi sizikhudzana ndi kulimba mtima. Munthu wosaopa mdima kapena njoka akhoza kugwa chagada poona jakisoni ikulowa m'mkono mwa mnzake.

Olemba nthano zoopsa anazizindikira kale zimenezi. Ann Radcliffe, mayi wa ku England amene anatchuka ndi nthano za nyumba zakale zochititsa nthumanzi, anasiya nkhani imene inasindikizidwa mu 1826 iye atamwalira kale. M'menemo anati mantha a chinthu chosaoneka amadzutsa maganizo a munthu n'kuwatambasula, pomwe choopsa chimene chaikidwa poyera chimawaumitsa. Patapita zaka zoposa 150, mu 1981, Stephen King, wolemba nthano zoopsa wa ku America, anazigawa patatu. Pamwamba anaika mantha a chimene sunachione, pakati kudzidzimuka poona chilombo, pansi penipeni kunyansitsa owerenga. Anavomera yekha kuti zapamwambazo zikamukanika amatsikira kotsika komweko, ndipo sachita nazo manyazi.

Ndiye uja anatseka buku ndi uja ankayasamula onse akunena zoona. Woyamba anakumana ndi mseru, ndipo mseru sukambirana ndi munthu. Wachiwiri ankafuna mantha, anamupatsa matumbo.

Katswiri wina wa filosofi, Noël Carroll, analemba mu 1990 kuti chilombo chenicheni cha m'nthano zoopsa chimafunika zonse ziwiri, chikhale choopseza moyo komanso chodetsedwa. Kambuku ndi woopsa, koma sanyansa. Chimene chimaimitsa tsitsi ndi chinthu chosalowa m'gulu lililonse: chooneka ngati chomera koma chikuyenda, chooneka ngati nyama koma chikuitana dzina lako ndi mawu a mnzako amene munamukwirira dzulo. Achinyamata sanena zimenezi ndi mawu a kuyunivesite. Amangoti, "Chinyamacho chikanakhala china, osati chinjoka chachikulu basi."

Chithunzi amajambula ndi wowerenga

Buku limasiyana ndi filimu pa mfundo imodzi yaikulu. Mu filimu aliyense amaona bala lomwelo. M'buku muli zilembo zakuda papepala loyera, ndipo balalo amalijambula m'mutu ndi wowerenga mwini. Koma anthu sitijambula mofanana.

Mu 2015 dokotala wa ubongo wa ku Britain, Adam Zeman, pamodzi ndi anzake, anapereka dzina loti aphantasia kwa anthu amene sangathe kuona chithunzi m'maganizo. Mukawauza kuti aganize za mtsinje, amadziwa kuti mtsinje n'chiyani, koma m'mutu mwawo simuoneka kanthu. Mu 2021 ofufuza a ku University of New South Wales, ku Sydney, anaika anthu m'chipinda cha mdima, n'kuwamangirira tizipangizo toyeza thukuta la pakhungu, kenako n'kuwapatsa nkhani zoopsa kuti awerenge. Kwa anthu amene amaona zithunzi m'maganizo, thukuta linkakwera pamene nkhani inkaipiraipira. Kwa a aphantasia mzere unangoti see, osakwera. Atawaonetsa zithunzi zenizeni zoopsa, magulu onse awiri anachita mantha.

Anthu ambiri ali pakatikati, koma pakati pamenepa m'potakata. Mnyamata wina akawerenga kuti misundu yadzadza m'sokosi, amangolandira uthengawo n'kupitirira. Mnzake amaiona misunduyo itafufuma, amamva kuterera kwake, n'kuyamba kukanda akakolo. Ameneyu mukamunena kuti ndi wamantha mwamulakwira, chifukwa buku limene iye anawerenga linali loipa kuposa la mnzakeyo.

Bukulo limapatsanso wowerenga chiwongolero. Akhoza kudumpha ndime, kuwerenga mothamanga ndi diso limodzi, kusuzumira kumapeto kuti aone ngati amene amamukonda apulumuke, kapena kulitseka n'kuliika pansi pa mabuku ena. Achinyamata ambiri amene amati "ndinalimaliza lonse" anadumpha masamba awiri kapena atatu, ndipo sindiona cholakwika. Kumeneko ndi kudziyezera mlingo wa mankhwala.

N'chifukwa chiyani munthu angafune kuopsezedwa?

Wasayansi wa ku England, Charles Darwin, anafotokoza mu 1872 zimene anachita kumalo osungirako nyama a ku London. Anayandikitsa nkhope yake pagalasi lochindikala limene kuseri kwake kunali mphiri, atatsimikiza mumtima kuti njokayo ikajompha sasuntha. Ankadziwa kuti galasilo silingasweke. Mphiri itajompha, anangozindikira walumphira m'mbuyo mita imodzi kapena iwiri, mwaliwiro limene linamudabwitsa iye mwini. Nzeru zinkati palibe choopsa, thupi silinamve.

Nthano zoopsa zimakhala pa mpata umenewu. Thupi lakuwa, mutu ukudziwa kuti uli pabedi, ndipo pakati pa ziwirizi pamatuluka chisangalalo chovuta kuchifotokozera munthu amene sanachilawepo. Paul Rozin wa ku University of Pennsylvania, amene wathera zaka zambiri akufufuza za kunyansidwa, anasonkhanitsa ndi anzake mu 2013 zitsanzo za zowawa zimene anthu amazifuna dala: nyimbo zoliritsa, makina a kumalo azisangalalo ogwetsa munthu kuchokera m'mwamba, nthabwala zonyansa, ngakhale kufinya ziphuphu. Anapeza kuti ambiri amakonda mlingo umene uli pang'ono chabe kunsi kwa pamene sangathenso kupirira.

Ku Denmark, pa yunivesite ya Aarhus, kuli gulu la ofufuza limene ntchito yake ndi mantha ochita kufuna. Mu 2020 anasindikiza zimene anapeza atatsatira anthu 110 m'nyumba yoopsezera alendo mumzinda wa Vejle, atawaveka zoyezera kugunda kwa mtima ndi kuwajambula ndi makamera. Chisangalalo chinkakwera limodzi ndi mantha mpaka pamalo ena, kenako mantha akapitirira chinkatsika. Ochepa amatopetsa, ochuluka amazunza, okoma ali pakati. Vuto la wolemba ndi loti pakati pamenepa aliyense ali ndi pake, ndipo pa msinkhu wa zaka 13 mpaka 17 pamasuntha msanga. Buku limene linamusowetsa tulo mtsikana chaka chatha, chaka chino akuliseka.

Joanne Cantor wa ku University of Wisconsin, amene anafufuza kwa zaka zambiri zimene zimaopsa ana, anaonetsa kuti mantha amasintha ndi msinkhu. Ana aang'ono amaopa maonekedwe: chinthu cha mano aatali ndi choopsa ngakhale chikhale chokoma mtima. Akamakula amayamba kuopa zimene zingachitikedi, monga kuvulala, kutayika, kufa kwa kholo. Apa m'pamene nthano ya chilombo cha m'nkhalango imagawira owerenga ake. Wa zaka 11 akuopa chinyamacho. Wa zaka 16 chinyamacho sichimukhudza kwenikweni, koma ndime imene mnyamata wathyoka mwendo ndipo anzake akunong'onezana ngati amusiye, imeneyo ndi imene imamutsatira mpaka kukagona.

Tisaiwalenso kuti pa msinkhu umenewu maganizo a munthu pa buku sanenedwa kumphepo. Amanenedwa pamaso pa anzake. "Sindinaope" nthawi zina ndi lipoti loona, nthawi zina ndi malaya ongovala. Ndipo kumaliza buku limene ena analilephera kuli ndi ulemu wake.

Nkhalangoyo

Olemba amakonda nkhalango zowirira pa zifukwa zomveka. Kuwala kwa dzuwa kumene kumafika pansi pa mitengo ya nkhalango zotere ndi pafupifupi 2 pa 100 basi. Maso saona patali, ziyangoyango zatchinga mbali zonse, phokoso la tizilombo silileka, ndiye likangoti zii munthu amadziwa kuti kwabwera china. Foni sigwira. Bala laling'ono limatukusira m'masiku ochepa chifukwa cha chinyontho ndi kutentha. Wolemba safunika kuvutika kutsekera anthu ake, nkhalango yamutsekera kale.

Koma chimene ndimachiona kawirikawiri m'zokamba za owerenga achinyamata n'choti chilombo chachikulu chija si chimene amachikumbukira. Amakumbukira tating'ono, ndipo tating'onoto nthawi zambiri ndi teniteni. Ku Central America ndi South America kuli ntchentche yotchedwa Dermatobia hominis. Yaikazi imagwira udzudzu, n'kumata mazira ake pamimba pa udzudzuwo, n'kuumasula. Udzudzu ukatera pa munthu, kutentha kwa khungu kumaswetsa mazira, kamphutsi n'kulowa m'thupi. Kamakhala m'menemo masabata angapo, kakukula, kakupuma kudzera pa kabowo kakang'ono, ndipo mwini thupi amakamva kakutembenuka. Kulinso kabowa kotchedwa Ophiocordyceps kamene kamalowa mwa nyerere. Nyerereyo imasiya zinzake, n'kukwera chomera, n'kuluma tsamba kunsi kwake mpaka kufera pomwepo, kenako kuseri kwa mutu wake kumamera kaphesi kowaza mbewu pa nyerere zina zodutsa pansi.

Wachinyamata akawerenga zotere amathamangira pa intaneti kuti atsimikize kuti ndi zopeka. Akapeza kuti zilipodi, bukulo lakwera mtengo m'maso mwake. Galasi la Darwin lija layamba ming'alu.

Juliane Koepcke anali ndi zaka 17 pamene ndege imene anakwera inasweka m'mwamba pa 24 December 1971, pamwamba pa nkhalango ya Amazon ku Peru. Mwa anthu 92 amene anali m'ndegemo anapulumuka yekha. Anakhala m'nkhalangomo masiku 11, ambiri mwa masikuwo akuyenda motsata kamtsinje, monga anamuphunzitsira bambo ake, katswiri wa zamoyo, kuti madzi ang'onoang'ono amakafika ku aakulu ndipo ku aakulu kumakhala anthu. Bala la pamkono wake linagwa mphutsi. Atapeza kachisakasa ka odula mitengo anathira petulo pabalapo kuti mphutsizo zituluke. M'nkhani yonseyi mulibe chilombo cha mamita 20, koma iuzeni kalasi ya achinyamata muone mmene chipinda chiti chikhalire chete pofika pa petulo paja.

N'chifukwa chake dandaulo limene limabwera mobwerezabwereza ndi lakuti wolemba anachionetsa msanga chinyamacho. Chikadali mapazi pamatope ndi fungo losadziwika, wowerenga amachimanga yekha ndi zimene iye amaopa kwambiri. Chikangotulukira poyera, n'kutiuza kuti chili ndi maso angati ndi miyendo ingati, chasanduka vuto lofunika mfuti yaikulu. Radcliffe uja akanagwedeza mutu kuvomereza.

Milandu imene amamuzenga wolemba

Mukasonkhanitsa zimene owerenga achinyamata amadandaula pa mabuku otere, magazi sakhala pamwamba. Pamwamba pamakhala uchitsiru wa anthu a m'nthanomo. "Anzake awiri afa kale, iye akuti akukatunga madzi yekha usiku. Ndani angachite zimenezo?" Msinkhu umenewu sukonda kupusitsidwa, ndipo umazindikira msanga pamene wolemba wakankhira munthu m'kamwa mwa chilombo chifukwa choti mutuwo umafunika mtembo. Zikatero wowerenga amasiya kuwaopera anthuwo n'kuyamba kuchemerera chinyama.

Mlandu wachiwiri ndi wa imfa za anthu amene sitinawadziwe. Dolf Zillmann, amene anafufuza kwambiri za mmene nkhani zimagwirira mtima wa omvera, anaonetsa kuti nkhawa yathu imadalira mmene tamukondera munthu amene ali pangozi. Wonyamula katundu wopanda dzina akang'ambidwa pakati m'masamba atatu athunthu, ndi nyama ya pabutchala. Koma munthu amene tamumva akuimbira mng'ono wake kuti agone, akangodula chala chokha, timatseka maso. Magazi paokha amatha mphamvu msanga. Imfa yoyamba imadzidzimutsa, yachitatu imachepa, pofika yachisanu ndi chiwiri wowerenga akuwerengera kuti kwatsala masamba angati. Wolemba wosadziwa china amangowonjezera matumbo, ngati woimba ng'oma amene waona kuti anthu asiya kuvina ndiye akungomenyetsa.

Ndiyeno galu. Akuluakulu zimawadabwitsa kuti mwana amene wawerenga imfa za anthu asanu ndi atatu osaphethira akulira chifukwa cha galu. Koma si achinyamata okha. Pali webusaiti yonse, Does the Dog Die, imene anthu amapitako kukafunsa ngati galu afa m'nkhaniyo asanayambe buku kapena filimu. Ndikuganiza kuti chifukwa chake n'chosavuta. Anthu a m'nthanomo anasankha okha kulowa m'nkhalango, ena chifukwa cha dyera. Galu anangotsatira mbuye wake.

Pali mlandu wina umene ukumveka kwambiri masiku ano kuposa kale, ndipo ndi umene ndimaukonda. Owerenga ena amafunsa kuti bwanji woperekeza wa kumaloko, munthu yekhayo amene akuidziwa nkhalangoyo, ndi amene amafa poyamba, kapena amangokhalapo kuti anene chenjezo limodzi lodabwitsa kenako n'kuzimiririka. Bwanji anthu amene akhala m'nkhalangomo mibadwomibadwo amangooneka ngati maso pakati pa masamba?

Funsoli lili ndi mbiri yaitali. Chithunzi cha nkhalango ngati malo a imfa anachijambula makamaka alendo. Theodore Roosevelt, amene anakhalapo pulezidenti wa America, atayenda ku Brazil mu 1913 ndi 1914 analemba za nsomba za piranha kuti ndi zolusa kuposa nsomba zonse padziko, ndipo mbiri imeneyo inazikanirira mpaka lero, ngakhale anthu a m'mphepete mwa mitsinjeyo amasamba ndi kuwedza m'madzi momwemo tsiku ndi tsiku. Mu 1975 Chinua Achebe, polankhula ku University of Massachusetts ku Amherst, anadzudzula buku la Joseph Conrad la Heart of Darkness chifukwa chosandutsa Africa ndi anthu ake kukhala bwalo chabe lochitikirapo misala ya mzungu mmodzi. Nthano zambiri za zilombo za m'nkhalango ndi zidzukulu za kalembedwe komweko, kaya olemba ake akudziwa kapena ayi.

Zenizeni zimayenda mwina. Pa 1 May 2023 kandege kanagwa m'nkhalango ya Amazon ku Colombia. Akuluakulu onse atatu anafa. Ana anayi apachibale a mtundu wa Huitoto, wamkulu wa zaka 13, wamng'ono wa miyezi 11, anapezeka amoyo pa 9 June, patatha masiku 40. Chinawathandiza n'choti wamkuluyo ankadziwa zipatso ndi mbewu zodyedwa, ndipo pa gulu lowasaka panali asilikali pamodzi ndi anthu a mitundu ya m'nkhalangomo. Nthano yachizolowezi ikanawapha tsiku lachiwiri. Ndipo taonani: galu wa asilikali wotchedwa Wilson, amene anathandiza pa kusakako, anasowa m'nkhalangomo, dziko lonse la Colombia n'kumulira.

Zolengedwa zimene zimaphadi anthu ochuluka kumadera otentha n'zosayenera chikuto cha buku. Bungwe la World Health Organization limati njoka zimapha anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 pachaka, ndipo malungo ofalitsidwa ndi udzudzu amapha pafupifupi 600,000. Wachinyamata amene wazindikira zimenezi n'kumalikondabe bukulo monga nthano, koma akulifunsa mafunso, wawerenga bwino kuposa akuluakulu ambiri.

Nanga nkhawa ya makolo ija?

Nkhawayi ndi yakale. M'zaka za m'ma 1800 ku Britain anthu ankadandaula kuti timabuku totchipa ta nthano za zigawenga ndi mizukwa tikuwononga anyamata. Mu 1954 dokotala wa matenda a maganizo, Fredric Wertham, anatulutsa buku ku America lonena kuti makomiki (timabuku tosimba nthano ndi zithunzi) a nthano zoopsa ndi zaupandu akusandutsa ana kukhala zigawenga. Chaka chomwecho komiti ya Senate, imodzi mwa nyumba za malamulo za ku America, inamva nkhaniyi, ndipo osindikiza, poopa lamulo, anadziikira okha malamulo oletsa ngakhale kulemba mawu otanthauza zoopsa pa mutu wa komiki. Britain inakhazikitsa lamulo lake mu 1955. Mu 2012 Carol Tilley wa ku University of Illinois, atafufuza mapepala a Wertham ku laibulale yaikulu ya boma la America, Library of Congress, anapeza kuti dokotalayo anasintha zaka za ana ena, anaphatikiza mawu a ana osiyana, ndipo anabisa mavuto ena amene anawo anali nawo kale kunyumba.

Koma zimenezi sizitanthauza kuti nthano zoopsa sizisiya chipsera. Mu 1999 Kristen Harrison ndi Joanne Cantor anafunsa ophunzira a m'mayunivesite za filimu kapena pulogalamu ya pa TV imene inawaopsa ali aang'ono. Pafupifupi onse anali nayo nkhani yoti anene. Pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anati mantha ake akadali nawo, ndipo amene anaonera ali aang'ono kwambiri ndi amene zinawakhalitsa. Zoopsa zimene zinatchulidwa kwambiri zinali za magazi ndi kuvulala. Kafukufukuyu anali wa zoonera, osati zowerenga, komabe akutikumbutsa kuti funso la makolo lija lili ndi pogwira. Chimene chingachitike kwa mwana amene walandira zopitirira mlingo wake ndi kusowa tulo, maloto oipa, kuopa kuzimitsa nyale. Zoti asanduka wakupha, umboni wake Wertham anachita kuupanga.

Chovuta china n'choti mafilimu m'mayiko ambiri amalembedwa zaka za oyenera kuonera, pomwe mabuku kawirikawiri alibe chizindikiro chotero chokhazikitsidwa ndi boma. Mawu oti buku ndi "la achinyamata" amaika ndi osindikiza pofuna malonda, ndipo amakuta kuyambira wa zaka 12 mpaka wa 18, anthu awiri amene ali kutali kwambiri. Mabuku ambiri a zilombo za m'nkhalango sanalembedwere n'komwe achinyamata. Anangowapeza pa shelefu ya mkulu wawo.

Ndiye m'malo mowerenga madontho, ine ndingafunse zina. Analisankha yekha kapena anzake anamukakamiza? Akudziwa kuti kulisiyira panjira si mlandu? Akamalikamba, maso akuwala kapena akuzemba? Funso limene limatsegula pakamwa kuposa onse ndi lakuti, "Ndi pati pamene panakuvuta?" Yankho lake kawirikawiri silikhala pamene inu mumayembekezera. Mumadikira kumva za phazi la m'nsapato lija, iye n'kukuuzani za tsamba limene mtsikana wina anamva chilombo chikubwera, n'kukhala chete osadzutsa mnzake amene anagona pafupi ndi khomo la tenti.

Uja anatseka buku chifukwa cha mseru sadzalitsegulanso, ndipo palibe chifukwa chomuumiriza. Koma pakapita masiku atatu mudzamupeza wamukokera pambali mnzake wa mbandakucha uja, akumufunsa motsitsa mawu kuti amuuze amene anatsala wamoyo, asatchule za mphutsi.